Banja ndi Kupirira? Mtolo wa Amayi a ku Kitwe ndi Ndola

Funso lake

Ku Kitwe, ku Ndola ndi m'matauni ena a ku Copperbelt, ukwati uli ndi dzina lina limene amayi amatchula pakati pawo: shipikisha club, gulu la opirira. Mawuwo achokera ku Chibemba, chinenero cha m'misika ndi m'maminibasi a kumeneko, koma Mchewa wa ku Katete kapena wa ku Dedza safunikira womasulira. Nafenso timati banja ndi kupirira. Timati za m'nyumba saulula. Timatamanda mayi amene anakalamba ndi mwamuna chidakwa, nalera ana, nasamala apongozi, osadandaulako.

Kupirira pakokha si vuto. Banja lililonse limakumana ndi njala, matenda, maliro ndi ulova, ndipo anthu awiri amene satha kulimba mtima limodzi sapita patali. Chimene tikufufuza pano ndi kupirira kwa mbali imodzi: mkazi akhale wokhulupirika ngakhale mwamuna akuyendayenda, adzimane kuti ena adye ndi kuphunzira, ndipo pa zonsezo asatsegule pakamwa. Mtolowu suthera m'ukwati. Umagweranso mwana wamkazi wachisamba amene amalera azing'ono ake, namwino kapena mphunzitsi amene malipiro ake achibale amagawana mwezi usanathe, ndi agogo amene akulera ana amasiye mphamvu zitatha. Tiyenera kudziwa kumene maganizowa anachokera, chimene akuchita m'thupi ndi mumtima mwa amayi, ndiponso pamene anthu odziwa nkhaniyi sakugwirizana.

Mmene zinalili kumudzi

Ambiri amati kupirira kotere ndi mwambo wa makolo basi. Mbiri ikunena zina. Alamba, amene ndi eni nthaka ya Copperbelt, pamodzi ndi Abemba, Aushi, Abisa, Ansenga ndi Achewa, amatsata mtundu kuchikazi. Kale mnyamata akakwatira ankapita chikamwini, n'kumalimira apongozi ake zaka zingapo asanaloledwe kutenga mkazi kupita naye kwawo. Mkazi ankakhala pakati pa amayi ake, alongo ake ndi amalume ake. Munda unali pomwepo, ana anali a mbumba yake.

Audrey Richards, amene anaonerera chinamwali cha Abemba chotchedwa chisungu mu 1931 n'kulemba buku lake mu 1956, anafotokoza mmene banachimbusa, amene ife timati anamkungwi, ankalangizira namwali pogwiritsa ntchito nyimbo ndi zoumba zadothi zotchedwa mbusa. Ankamuphunzitsa ulemu, khama pa ntchito ndi kusunga chinsinsi. Komatu mwamuna nayenso anali ndi udindo wodziwika, ndipo akaulephera panali anthu omufunsa. Mkamwini waulesi kapena wankhanza ankatha kuthamangitsidwa pamudzi. Ankhoswe ankaitanitsa mbali zonse ziwiri. Ukwati ukatha, mkazi sankasowa pogona chifukwa anali kwawo kale.

Sitikunena kuti kumudzi kunalibe misozi. Kumenya kunalipo, mitala inalipo, chokolo ndi kulowa kufa zinalipo. Mitundu yotsata kuchimuna, monga Angoni, inali ndi malamulo ake a malowolo amene ankamanga mkazi kwambiri. Koma m'midzi yambiri kupirira kunali ndi malire, ndipo kunali anthu apafupi oyang'anira malirewo.

Nyumba ya kampani

Migodi ikuluikulu ya kopa inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1920: Roan Antelope ku Luanshya, Nkana pamene pali Kitwe lero, Mufulira ndi Nchanga. Amuna anachokera m'madera onse a Northern Rhodesia, ena ku Nyasaland ndi ku Tanganyika. Makampani anazindikira msanga kuti wantchito wokhala ndi mkazi sadwaladwala ndiponso sathawa ntchito. George Chauncey, polemba mu 1981, anasonyeza kuti makampaniwo ankalola amayi m'makomboni, ndipo ena ankawapatsa timinda, chifukwa mkazi ankaphika phoso, kuchapa ndi kudwazika mwamuna popanda kampani kumulipira kalikonse.

Boma la atsamunda ndi mafumu akumudzi ankaona mosiyana. Iwo ankaopa kuti atsikana akatha kupita m'tauni, minda igona ndipo anyamata sadzabwereranso kumudzi. Choncho anaika malamulo oletsa mkazi wosakwatiwa kupita kumigodi popanda chilolezo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 anakhazikitsa makhothi a anthu akuda m'matauni, oweruza ake otumidwa ndi mafumu, ndipo pang'onopang'ono chikalata cha ukwati chinakhala ngati chiphaso cha mkazi chokhalira m'tauni. Wopezeka alibe ankatha kubwezedwa kumudzi. Jane Parpart, katswiri wa mbiri ya Copperbelt, anasonyeza kuti amayi ambiri sanagonje msanga: ankafulula mowa, kugulitsa ndiwo, ndipo mwamuna akavuta ankamusiya n'kupeza wina. Malamulowo anabwera kudzatseka njira zimenezi.

Apa ndipo pagona nkhani yonse. M'komboni ya Wusakile kapena ya Mindolo, nyumba inali ya kampani, yoperekedwa m'dzina la mwamuna. Phoso, chipatala ndi sukulu zinkadzera mwa iye. Chikamwini chinatembenuka: tsopano mlendo anali mkazi, kutali ndi alongo ake. Kusiya mwamuna kunatanthauza kutaya denga, chakudya ndi chilolezo chokhala m'tauni tsiku limodzi. Malangizo a kupirira anasamuka kuchoka kumudzi ali athunthu, koma amalume, munda ndi bwalo la ankhoswe zinatsalira m'mbuyo.

Pamwamba pake panabwera chiphunzitso chatsopano cha mkazi wapanyumba. M'zaka za m'ma 1950 makampani ndi mipingo ankaphunzitsa akazi a anthu ogwira ntchito mumgodi kusoka, kuphika, ukhondo ndi kulandira alendo. Sukulu ya amayi ya ku Mindolo, ku Kitwe, inayamba mu 1958. Maphunzirowo anathandiza ambiri, ena mpaka anakhala atsogoleri, koma chithunzi chimene chinkalemekezedwa chinali chimodzi: bambo apite ku shifiti, mayi adikire pakhomo. James Ferguson, amene anafufuza ku Kitwe m'ma 1980, anapeza kuti mabanja ambiri sankafanana ndi chithunzicho. Malipiro a mwamuna ankalimbirana mkazi, achibale a mwamunayo ndi zibwenzi, ndipo mwamuna akamwalira achibale ake ankatha kulanda katundu yense.

Migodi itagwa

Mtengo wa kopa unatsika kwambiri mu 1975. Kampani ya boma ya ZCCM, yopangidwa mu 1982, inapitiriza kusamala makomboni movutikira mpaka migodi inagulitsidwa pakati pa 1997 ndi 2000. Ogwira ntchito m'migodi anali oposa 60,000 m'ma 1970, koma pofika 2001 anatsala pafupifupi 20,000. Makampani a nsalu ndi ena a ku Ndola nawonso anatsekedwa m'ma 1990 malonda akunja atatsegulidwa.

Amene anatola mabanja anali amayi. Anadzaza msika wa Chisokone ku Kitwe ndi wa Masala ku Ndola, kugulitsa tomato, kapenta, makala ndi salaula. Ena anayamba kukwera kupita ku Kasumbalesa kapena ku Nakonde kukaoda katundu. Ena anaphwanya miyala m'mbali mwa msewu, ndipo Patience Mususa analemba za amayi a ku Luanshya amene ankatola zotsalira m'mitumbira ya zinyalala za mgodi. Nthawi yomweyo Edzi inafika. Dayosizi ya Katolika ya Ndola inayambitsa ntchito yosamalira odwala m'makomo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ambiri mwa odzipereka amene ankayenda khomo ndi khomo, kusambitsa ndi kudyetsa odwala, anali amayi osauka amene kwawonso anali ndi odwala.

Alice Evans, amene anachita kafukufuku ku Kitwe n'kulemba mu 2014, anapeza kuti umphawi unasintha maganizo a anthu. Poona amayi akudyetsa mabanja ndi kugwira ntchito zimene kale zinkatchedwa zachimuna, anthu ambiri anayamba kuvomereza kuti mkazi angathe. Koma kuphika, kuchapa ndi kudwazika matenda sizinagawidwe. Chifukwa chimodzi chimene iye anapereka n'chomveka: mayi wogulitsa pamsika aliyense amamuona, koma bambo amene amaphika kapena kusambitsa mwana amachita zimenezo m'nyumba, ndiye anzake sadziwa kuti alipo amuna otero. Zotsatira zake n'zakuti mayi wa ku Chimwemwe kapena wa ku Chifubu lero akugwira ntchito ziwiri, ya kunja ndi ya pakhomo, ndipo akuyembekezekabe kugwada popereka madzi kwa mwamuna amene iye akumudyetsa.

Chimene kupirira kumachita m'thupi

Njira yoyamba ndi nkhanza. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti amayi 47 pa 100 alionse amene anakwatiwapo m'Zambia anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Amayi 46 pa 100 anavomereza kuti pali zifukwa zina zomwe mwamuna angamenyere mkazi, pamene amuna ovomereza zimenezo anali 26 pa 100. Chiwerengerochi chiyenera kutidetsa nkhawa, chifukwa chikusonyeza kuti phunziroli linalowa kwambiri mwa omenyedwa kuposa mwa omenya. Ndipo oposa theka la amayi amene anachitiridwa nkhanza sanapemphe thandizo, sanauzenso munthu aliyense.

Njira yachiwiri ndi matenda opatsirana pogonana. Abemba ali ndi mwambi wakuti ubuchende bwa mwaume tabutoba ing'anda, kutanthauza kuti chigololo cha mwamuna sichipasula banja. Ife timati mwamuna ndi tonde. Mkazi amene analangizidwa kuti asamakanize mwamuna, ndiponso asamafunse kumene wagona, alibe poyambira kutchula kondomu kapena kukayezetsa limodzi. Kafukufuku yemweyo wa 2018 anapeza HIV mwa amayi 14.2 pa 100 ndi amuna 7.5 pa 100 a zaka 15 mpaka 49, ndipo zigawo za Copperbelt ndi Lusaka ndizo zinali pamwamba. Kusiyanaku kuli ndi zifukwa zingapo, kuphatikizapo chilengedwe cha thupi la mkazi ndi kusiyana zaka pakati pa atsikana ndi amuna awo, koma kusowa mawu m'chipinda ndi chimodzi mwa izo.

Njira yachitatu ndi yosaoneka ndi maso. Munthu akakhala ndi mantha kapena nkhawa, thupi limatulutsa timadzi tomukonzekeretsa kuthawa kapena kulimbana: mtima umagunda msanga, magazi amathamanga, tulo timasowa. Zimenezi n'zothandiza pa ngozi ya kanthawi. Zikapitirira zaka, zimathandizira kubweretsa BP, mutu wosatha, kusowa tulo ndi matenda a maganizo. Bungwe la WHO linanena mu 2013 kuti amayi ozunzidwa ndi amuna awo amadwala matenda okhumudwa pafupifupi kawiri kuposa anzawo, ndiponso mpata woti abereke ana ochepa sikelo umakhala wokulirapo. Mayi wotere akafika kuchipatala sanena kuti ndikuzunzika. Amati mtima ukuthamanga, thupi lonse likuphwanya, ndikuganiza kwambiri. Akapatsidwa panado n'kubwerera, gwero la matenda limatsala pomwepo.

Palinso kuchedwa kupita kuchipatala. Amene amagona pambali pa wodwala ku Kitwe Teaching Hospital kapena ku Ndola Teaching Hospital nthawi zambiri ndi mayi. Iye akadwala, amayamba waganiza za fizi, lendi ndi amene atsale pa benchi yake kumsika. Zambia ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri, ndipo kuyeza kwaulere m'zipatala za boma kunayamba mu 2006. Matendawa amachizika akapezeka msanga, koma mayi amene anazolowera kudziika kumapeto kwa mzere amafika mochedwa.

Kunja nako ziliko

Ku America, amayi akuda amakamba za chithunzi cha mkazi wakuda wamphamvu amene salira. Cheryl Woods-Giscombé, polemba mu 2010, anafotokoza kuti amayi ambiri amamva kuti ayenera kuoneka olimba, kubisa zakukhosi, kukana thandizo, kupambana ngakhale alibe zipangizo, ndi kusamala ena asanadzisamale. Amayi amene anacheza nawo anati khalidweli linawathandiza kupulumutsa mabanja awo m'dziko la tsankho, komanso linawadwalitsa. Mbiri ya ukapolo wa ku America si yofanana ndi ya makomboni a ku Copperbelt, ndipo n'kulakwa kungotenga zopezeka uko n'kuziika kuno. Kufanana kwake kuli pamodzi: pamene boma, kampani kapena mwamuna walephera udindo, anthu amatamanda mphamvu za mkazi m'malo momupeputsira katundu.

Pamene anthu sakugwirizana

Mkangano waukulu uli pa alangizi. Mabungwe ena omenyera ufulu wa amayi amati banachimbusa ndi alangizi ndiwo amabzala mantha mwa atsikana, chifukwa amawauza kuti chilichonse cholakwika m'banja ndi mlandu wa mkazi. Thera Rasing, amene anafufuza chinamwali ku Mufulira n'kulemba mu 2001, anaona mbali ina: amayi ophunzira ndi opemphera omwe ankafuna mwambowu chifukwa umawapatsa ulemu, chidziwitso cha thupi lawo ndi gulu la amayi anzawo. Alangizi ambiri amanenanso kuti mwambo weniweni sulola kumenya, ndipo kuti mnyamata nayenso amayenera kulangizidwa. Mbali zonse ziwiri zili ndi choona. Chimene chikuoneka poyera n'chakuti mtsikana amalangizidwa masiku ambiri, kenaka pa kitchen party, kenaka kutchalitchi, pamene mnyamata nthawi zambiri amangouzidwa mawu ochepa ukwati utayandikira.

Mkangano wachiwiri uli pa mpingo. Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza mu 1991 kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, ndipo mawu a m'busa amalemera kwambiri ku Copperbelt. Ena amati chiphunzitso cha kugonjera, pamodzi ndi malangizo oti pempherani, asintha, chimabwezera amayi m'manja mwa owazunza. Ena amayankha kuti Aefeso 5, chaputala chomwe chimanena za kugonjerako, chimaikanso katundu wolemera pa mwamuna, ndipo kuti magulu a amayi monga a Dorika ndi a Chigwirizano ndiwo amafika msanga pa matenda ndi pamaliro kuposa ofesi iliyonse ya boma. Zoonadi kwa amayi ambiri tchalitchi ndi malo okhawo kumene angalire pagulu popanda wowadzudzula.

Wachitatu ndi wa ndalama. Kodi mkazi akakhala ndi geni yake, nkhanza zimachepa? Kawirikawiri ndalama zimamupatsa potulukira, ndipo chilimba ndi mabanki a m'mudzi zathandiza ambiri. Koma kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana wapezanso kuti amuna ena amawonjezera nkhanza akaona kuti ulamuliro wawo ukuchepa. Malowolo nawonso amakanganitsa. Pakati pa mitundu yotsata kuchikazi, zimene mwamuna ankapereka zinali zochepa, chizindikiro chabe cha ulemu. Lero m'tauni mabanja amatchula ndalama zambiri, ndipo ena amati zimenezi zimachititsa mwamuna kuganiza kuti anagula, makolo n'kumaopa kubweza. Ena amati malowolo amalimbitsa ubale wa mabanja awiri.

Pomaliza pali funso la ana. Amayi ambiri amati ndikupirira chifukwa cha ana, ndipo mantha awo si opanda pake, chifukwa ukwati ukatha amuna ambiri amasiya kuthandiza. Koma chodziwika bwino n'chakuti ana okulira m'nyumba ya ndewu amavulala m'maganizo, ndipo ena amadzabwereza zomwezo m'mabanja awo, wina ngati womenya, wina ngati wopirira.

Malamulo ndi thandizo lomwe lilipo

Malamulo a Zambia anayenda mtunda. Lamulo la chuma cha masiye la 1989 limati munthu akamwalira osasiya wilo, ana alandire 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo ena amene ankadalira malemuyo 10. Mu 2000, pa mlandu wa Chibwe ndi Chibwe umene unayambira ku Mufulira, Khothi la Suprimu linagamula kuti mkazi wokwatiwa pa mwambo wa Aushi ayenera kulandira gawo la chuma chimene banja linapeza. Lamulo lothana ndi nkhanza la 2011 limawerengera kumenya, kutukwana, kumana ndalama, kulanda katundu wa masiye ndi kukakamiza kugonana ngakhale m'banja, ndipo limalola khothi kupereka chiletso choteteza wozunzidwa. Apolisi ali ndi nthambi ya Victim Support Unit, makhothi ofulumizitsa milandu ya nkhanza anayamba ku Kabwe ndi ku Lusaka mu 2016 kenaka anafika ku Ndola, ndipo bungwe la YWCA limathandiza amayi othawa nkhanza ku Kitwe.

Vuto n'lakuti milandu yambiri imachotsedwa ndi odandaula omwe. Mayi amaganiza: akamangidwa, lendi alipira ndani, nanga apongozi andiona bwanji? Lamulo silingagwire ntchito pamene wodandaula alibe kolowera. Ndiye chifukwa chake funso loti n'chifukwa chiyani sakuchoka ndi losathandiza. Funso loyenera ndi lakuti, akachoka lero, amulandira ndani?

Chithandizo cha maganizo nachonso chasonyeza kuti chimagwira. Ku Lusaka, kafukufuku wofalitsidwa mu 2020 anapeza kuti uphungu woperekedwa kwa mkazi ndi mwamuna payekhapayekha ndi anthu wamba ophunzitsidwa bwino unachepetsa nkhanza ndi uchidakwa. Ku Zimbabwe, ntchito ya Friendship Bench imene anayambitsa Dixon Chibanda inasonyeza kuti agogo ophunzitsidwa angathandize anthu ovutika maganizo pongokhala nawo pabenchi ya pachipatala n'kuwamvetsera mwa dongosolo. Copperbelt ili kale ndi amayi achikulire amene atsikana amawakhulupirira. Alangizi omwewo, ataphunzitsidwa kuzindikira nkhanza ndi matenda a maganizo, angakhale khomo loyamba la thandizo.

Udindo waukulu uli kwa achibale a mkazi. Inu amalume, alongo ndi ankhoswe, mwambo umene mumatchula pouza mwana wanu kuti abwerere kwa mwamuna ndi womwewo umene unkakulamulani kumuteteza. Akabwera ndi zilonda, musamubweze usiku womwewo. Muperekezeni kuchipatala, itanani mbali inayo, ndipo muuzeni momveka kuti pakhomo panu malo alipo. Inu alangizi ndi abusa, nthawi imene mumathera pa mtsikana muithere pa mnyamatanso, ndipo tchulani poyera zinthu zimene mkazi sayenera kupirira: kumenyedwa, kuopsezedwa, kupatsidwa matenda, kumanidwa chakudya. Ndipo inu mayi amene mukuzunzika, kapena amene mukudziwa mnzanu wotero, nambala ya 933 ndi yaulere m'Zambia monse, ndipo ya ana ndi 116.